Dothi Lofiira la ku Chinkhuti

Pali nkhani zimene munthu amazimva kwa anzake, ndipo pali zina zimene amazinyamula yekha m'manja. Iyi ndinainyamula ndekha, m'kansalu koyera, kuchokera ku nkhalango ya Chinkhuti mpaka kumanda a kwathu. Wofuna kutsutsa atsutse, koma ayambe wamva kaye.

Bambo anga, a Lufeyo Kachigamba, anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi kunkhalangoko. Kumeneko kuli mpanda waukulu wa waya, momwe amasungiramo mimbulu yopulumutsidwa m'misampha. Mmbulu ndi chilombo chofanana ndi galu, cha mawangamawanga, cha makutu akuluakulu obulungira. Bambo ndiwo ankaidyetsa. Tsiku lililonse nthawi ya folo koloko ankanyamula ndowa ya nyama n'kuimba likhweru lawo, ndipo mimbulu inkabwera ikulira ngati mbalame. Kunyumba ankabwera Loweruka lokha, zovala zikununkha fungo la zilombozo, ndipo nkhani yawo inali imodzi: Nyenyezi. Nyenyezi anali mmbulu waukazi wa miyendo itatu. Mwendo wachinayi unaduka ndi waya, ndipo amene anamuwonjola mumsamphamo ndi bambo.

"Bambo a Edesi," amayi ankatero, "mukanangomukwatira Nyenyeziyo, ine ndikanapuma."

Edesi ndine.

M'mwezi wa Febuluwale kunagwa mvula yamkuntho. Mtengo wa muwanga unagwera pampanda n'kung'amba waya. Bambo anathamangira komweko kukatseka mimbulu isanatuluke, ndipo nthambi ina inawagwera pamutu. Anawapeza m'mawa mwake, Nyenyezi atagona pambali pawo. Mtembo anaubweretsa pagalimoto yomwe ankanyamulira nyama ya mimbulu. Sanaitsuke n'komwe. Ntchentche ndinaziona ndi maso anga.

Tinawaika m'manda, koma sanagone. Patatha mwezi amayi anayamba kulota loto limodzimodzi: bambo ataima kuseri kwa waya, ndowa ili m'manja, akuyendayenda kufuna chipata osachipeza. Amayi anasiya kudya. Anaonda mpaka chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri.

Azakhali a Esinati, mlongo wawo wa bambo, amene amagulitsa zitumbuwa pamphambano, ndiwo anaidula nkhani. "Ife tinaika thupi," anatero, "koma mwini wake anatsala pomwe anagwera. Tikapanda kukamutenga, mlamu sameta, maliro sakutha, ndipo posachedwa tikumba dzenje lachiwiri."

Mwambo wake ndi wotere. Wamagazi a womwalirayo amapita pamalo pamene moyo unachokera, n'kutapa dothi la pamenepo. Amaitana womwalirayo kamodzi kokha, n'kumanga dothilo m'kansalu. Kuyambira pamenepo wonyamulayo salankhula ndipo sacheuka, mpaka dothi litathiridwa pamanda. Akalankhula, mzimu umatsala pomwepo panjira, wopanda kwawo. Amayi sakanapita chifukwa anali namfedwa.

"Anyamule ndi Edesi," anatero azakhali. "Pakamwa pake mpokhoma kale. Ife timachita kumufunsa kawiri kuti tidziwe ngati akupuma."

Azakhali anapita katatu ku ofesi ya kunkhalango kukapempha chilolezo. Yankho lomaliza linali lakuti achibale a antchito alibe njira yawoyawo. Tikafuna kulowa, tipite Lamlungu ngati alendo odzaona nyama.

Tinanyamuka m'mawa, chifukwa ulendo wake ndi wa maola anayi wapansi. Titayandikira nkhalango tinakumana ndi mayi wina atasenza nkhuni. Anaona duku lakuda la azakhali, natsitsa mtolo wake.

"Pepani ndi maliro," anatero. "Koma kodi amene anatisiya ndi uti? Ife tinamva kuti ndi wodyetsa uja."

"Ndi yemweyo. Mchimwene wanga."

Mayi uja anatiyang'ana nthawi yaitali. "Nanga likhweru lija?" anafunsa. Kenako anasenza nkhuni zake n'kumapita mofulumira, osatsanzika.

Pachipata panali chibeseni chachitali cha simenti, chodzaza madzi a mankhwala. Mlonda anatilamula kuti tiponde m'menemo kuti tisalowetse matenda. Tinaponda. Kenako tinalemba maina m'buku la alendo, ndipo pamene panafunsidwa cholinga cha ulendo, mlondayo analemba yekha kuti kudzaona nyama.

A manijala, a Zingani, anatuluka mu ofesi akumanga batani la malaya. "Ooo, ndinu abale ake a malemu Lufani?"

"Lufeyo," anatero azakhali.

"Eya, Lufeyo. Munthu wabwino kwambiri. Tsono malamulo athu ndi awa, mayi. Osaphokosera, osayandikira waya, ndipo osatulutsa kanthu m'nkhalango muno, ngakhale tsamba limodzi."

"Ngakhale tsamba?" anatero azakhali. "Inu munatenga munthu wathunthu ndi nsapato zake zomwe. Ife tsamba?"

"Mayi, malamulowa sindinapange ndine."

"Ndikudziwa, bwana. Mukanapanga ndinu, bwenzi mutalakwitsa dzina."

Ine ndinayang'ana pansi. Kansalu koyera kanali kobisika m'chiuno mwanga.

Wotiperekeza anali a Gwedeza, mnzawo wa bambo, amene anatenga ntchito yodyetsa. Ndinkawadziwa ngati munthu wonenepa ndi wanthabwala, koma tsiku limenelo yunifolomu inali itawakulira. Tinayenda m'kanjira ka pakati pa mitengo ya mombo ndi msuku, waya uli kudzanja lathu lamanja. M'nkhalangomo munali zii. Sindinamve njiwa, sindinamve nyenje.

"Mwachita bwino kubwera," ananong'ona a Gwedeza titafika patali ndi ofesi. "Mutengeni mnzangayu. Ine ndatopa."

"Akuvutitsani?" anafunsa azakhali.

"Kuvutitsa ayi. Akundilanda ntchito." Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunafike m'maso. "Ndowa yake imasowa m'sitolo masana alionse. Ndimakhoma ndine, kiyi ndi uyu. M'mawa ndimaipeza yotsuka, yovundikira pamwala, monga ankachitira iye. Ndikapita ndi nyama, ndimapeza mimbulu yaima kale pamzere mbali ina, ikugwedeza michira, ikuyang'ana pamene palibe munthu."

"A manijala akudziwa?"

"Ndinawauza. Anati ndisiye kachasu. Ine wa Sabata, mayi, ngakhale tiyi sindimwa."

Mimbulu tinaipeza pansi pa mtengo wa mkuyu. Inalipo isanu ndi itatu. Inadzuka yonse pamodzi n'kubwera pawaya, yosalira, yosauwa. Fungo lake linandifika, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga, chifukwa linali fungo la Loweruka kwathu. Inayenda nafe mbali inayo ya mpanda, phazi ndi phazi, mpaka pamene panagwa muwanga paja.

Chitsa chinalipo, ndipo waya watsopano ankang'anima. Koma pansi, pamene tinkayembekezera kupeza dothi, panali chiliza cha simenti chopaka laimu, chozunguliridwa ndi miyala yoyera ndi maluwa. Pamwamba pake anakhomerapo chitsulo cholembedwa bwino. Ndinawerenga mokweza kuti azakhali amve: "Nyenyezi. Wokhulupirika mpaka imfa."

A Gwedeza anavula chipewa. "Anakana kudya mnzangayu atapita. Anafa patatha milungu iwiri. Azungu amene amathandiza malo ano anatumiza simenti, ndipo bwana anati aikidwe pompano pomwe anamupeza atagona."

"Werenganso," anatero azakhali.

Ndinawerenganso.

"Basi? Dzina la Lufeyo palibe?"

"Palibe, azakhali."

"Wokhulupirika kwa ndani? Kwa mtengo?" anatero azakhali. "Mchimwene wanga kumanda kwathu ali ndi mtanda wa nsungwi, chiswe chayamba kale kudya. Galu ali ndi simenti! Galu ali ndi maluwa! A Gwedeza, maluwawa amathirira ndani?"

"Ndine, mayi. Lachiwiri ndi Lachisanu."

"Mutu wa Lufeyo unali pati?"

A Gwedeza analoza pakatikati pa chiliza.

Nthawi yomweyo tinamva galimoto ikubwera m'kanjira. Anali a manijala ndi alendo awiri achizungu, makamera ali m'khosi. A Gwedeza anatekeseka. "Fulumirani, chonde. Akakuonani mukukumba, ine ntchito yatha."

Ine ndinafuna kupita chapatali pang'ono, pafupi ndi chitsa, pamene panali masamba owola. Koma azakhali anandikokera pansi m'mphepete mwa simenti. "Tapa apa, ndi pamene payandikira mutu. Changu!" Anatambasula chitenje chawo kunditchinga, ngati akuchikonza. Ndinatapa manja awiri n'kuthira m'kansalu.

"Bambo," ndinatero, "ndine Edesi. Tabwera kudzakutengani. Tiyeni kumudzi."

Ndinamanga mfundo n'kuimirira. Ndipo ndili chiimire, pakamwa patatsekeka kale, ndinaona manja anga. Anali ofiira. Dothi la m'nkhalango ya Chinkhuti ndi lakuda, chifukwa cha masamba a zaka zambiri. Lofiira limakhala pansi, ndipo limatuluka pokhapokha munthu akakumba dzenje lakuya.

Tinayamba kubwerera, a Gwedeza patsogolo, azakhali pakati, ine pambuyo. Kansalu ndinakafumbata pamimba, mkati mwa chitenje. Galimoto inatidutsa, ndipo mzungu mmodzi anatibayibitsa.

Titayenda pang'ono ndinamva masamba akuphwanyika kumbuyo kwanga. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinatchera khutu kuti ndimve kulemera kwa magambuti a bambo. Koma mapaziwo anali opepuka, ndipo sankagunda kawiri ngati a munthu. Ankagunda katatu n'kudukiza. Katatu n'kudukiza. Sanali kuseri kwa waya, kumene mimbulu isanu ndi itatu inkayenda nafe. Anali m'kanjira mwathu momwemo.

Ndinafulumira, nawonso anafulumira. Ndinaima ngati ndikuchotsa minga kuphazi, nawonso anaima, ndipo ndinamva mpweya wofunda kuseri kwa bondo langa.

Kenako likhweru linalira. Linachokera kutali kumbuyo, cha kumuwanga kuja: lalitali kamodzi, lalifupi kawiri. Ndinalidziwa monga ndimadziwira dzina langa. A Gwedeza anayang'ana wotchi yawo, ndipo sanatiuze nthawi. Mimbulu isanu ndi itatu ija inatembenuka pamodzi n'kuthamangira komweko, ikulira ngati mbalame.

"Mwamva?" anatero azakhali, nkhope ikuwala. "Akutsanzika ana ake. Tsanzikani, achimwene, tizipita."

Koma likhweru linaliranso, ndipo ulendo uno linali patali kuposa poyamba. Silinkatitsatira. Linkalowa m'kati mwa nkhalango.

Mapazi a kumbuyo kwanga anaima. Ndinawamva akubwerera pang'ono, ndipo ndinamva kulira kwapansipansi, konga kwa kamwana kodwala. Ndinapemphera mumtima kuti apite. Koma ndinali nditaitana, ndipo ndinali nditamanga mfundo. Anabweranso. Katatu n'kudukiza.

Apa ndiyenera kufotokoza chifukwa chimene sindinalankhulire, pakuti ndadzifunsa nthawi zambiri. Ndinaganiza kuti mwina m'dothi lofiiralo munalowa kadothi kakuda pang'ono, ngakhale kodzaza chikhadabo, ndipo mwina bambo ali m'menemo. Ndikanatsegula pakamwa, akanatsala panjira. Ndinaganizanso za amayi atakhala pamphasa kutidikira. Mtima wanga unali kuwira ndi mkwiyo pa a manijala, pa simenti, pa changu cha azakhali. Ndinaluma lilime mpaka ndinalawa magazi.

Pachipata mlonda anandifunsa ngati ndasangalala ndi nyama. Azakhali anandiyankhira kuti mwanayu dzino lamuwawa. Tinapondanso m'madzi a mankhwala, azakhali poyamba, ine pambuyo. Nditatuluka, madzi anachita khuvu katatu. Mlondayo anali akutseka buku. Anayang'ana pasimenti kumbuyo kwanga, ndipo bolopeni inagwa m'manja mwake. Sanaitole. Analowa m'kanyumba kake n'kutseka chitseko.

Ulendo wobwerera unali wautali. Azakhali ankalankhula ndi mchimwene wawo njira yonse, monga mwambo umafunira. "Achimwene, apa tikukhotera kumanzere. Achimwene, uwu ndi munda wa a Sikelo, chaka chino fodya wawakanika." M'mudzi woyamba agalu anatithamangira akuuwa, koma atafika pafupi anapinda michira n'kulowa pansi pa nkhokwe. M'mudzi wachiwiri mbuzi inadula chingwe. Mwana wina wamng'ono, amene anali kubere, analoza kumbuyo kwanga n'kuseka, ndipo mayi ake anamuphimba kumaso ndi nsalu.

"Waona?" anatero azakhali. "Ziweto zimadziwa. Lufeyo tili naye."

Pamtsinje anati, "Achimwene, tikuwoloka. Pindani thalauzi." Ine ndinamva lilime likukhapa madzi kumbuyo kwanga, nthawi yaitali, ngati la waludzu la masiku ambiri.

Tinafika kumanda kutada kale, mwezi ukuwala. Achibale anali atasonkhana. Ndinamasula mfundo n'kuthira dothi pamtumbira, pafupi ndi mtanda wa nsungwi. Palibe amene anafunsa za mtundu wake.

"Wagwira ntchito, mwana wa Lufeyo," anatero azakhali. "Tsopano lankhula."

Anthu onse anandiyang'ana. Amayi analinso pomwepo, atagwiriziza mkono wa mnzawo, ndipo m'maso mwawo munali chiyembekezo chimene sindinachione chiyambire Febuluwale.

"Ndatopa," ndinatero.

M'mawa mwake amayi anameta. Anayamba kudya, ndipo patatha milungu itatu anagwiranso khasu. Azakhali ankauza aliyense wogula zitumbuwa momwe anamuyankhira bwana wa kunkhalango.

Masana alionse, dzuwa likapendeka, amayi ankaika kapu ya tiyi ndi mbatata yootcha pakhonde, pamene bambo ankakonda kukhala. Tiyi ankazizira. Mbatata inkatha ndi nyerere. Nkhuku zathu zinasiya kufika pakhondepo, ndipo zinayamba kugona mumtengo. M'munsi mwa chitseko munaoneka mizere yokandika. Ndinaonanso kuti amayi ayamba kudzuka m'bandakucha kusesa bwalo, ine ndisanatuluke, pamene kale kusesa inali ntchito yanga.

Tsiku lina tinapha nkhuku chifukwa kunabwera alendo a kumpingo. Alendo atapita, ndinaona amayi akutenga mutu, mapazi ndi matumbo, zosaphika, n'kuziika m'mbale yachitsulo. Anaika mbaleyo pakhonde. Kapu ya tiyi sanaitulutse. Analowa m'nyumba n'kukhala pamphasa, atafulatira chitseko.

Ndinakhala pambali pawo. Kenako mbale inayamba kukhwekhwereza pansi, pang'onopang'ono, monga imachitira ikamanyambitidwa.

"Amayi," ndinatero, "dothi lija linali lofiira."

"Ndikudziwa."

"Munadziwa liti?"

"Bwalo ndimasesa ndine, Edesi. Ndimatha kuwerenga mapazi mpaka atatu."

"Nanga loto lija? Munati linatha."

"Silinathe." Anakonza duku lawo pamutu wometawo. "Ndimawaonabe kuseri kwa waya, ndowa ili m'manja. Koma tsopano safunanso chipata. Amangodutsa, ali pantchito."

"Ndiye tibwerere. Ndikatapa lakuda, pafupi ndi chitsa. Ulendo uno sindimvera munthu."

"Munthu amaitanidwa kamodzi. Unawaitana, ndipo anamva. Kodi bambo ako anali ogontha?"

Mkwiyo umene ndinausunga njira yonse ija unabwereranso, ndipo tsopano sunali pa a manijala okha. Ndinayenda maola anayi ndi lilime lotuluka magazi. Bambo ndinawatchulira dzina langa. Iwo anamva, naimba likhweru, nalowa m'nkhalango. Ndinadzuka n'kutola mwala umene timatsekera chitseko.

Kunja mbale inagunda khoma n'kuima. Ndinamva zikhadabo pachitseko, modekha, ngati za wopempha kulowa.

Amayi anandigwira dzanja osatembenuka.

"Ika pansi mwalawo," anatero. "Pa onse amene anamva mawu ako tsiku lija, ndi yekhayu amene anavomera kubwera."